Ndinakulungira mbewu m'buku la mwana wanga

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka makumi asanu ndi chimodzi, mlimi wa kuno ku Mualadzi, ndipo kulemba kalata si ntchito yanga. Iyi ndaiyamba katatu. Kumapetoko ndaika zilembo zokha monga amachitira anzanga ena okulemberani, ngakhale ndikudziwa kuti kwathu kuno palibe amene angasokonezeke. Akangomva za mbewu adziwa kuti ndine. Zilibe kanthu, manyazi anandidya kale mpaka kukhuta.

Ndili ndi mwana wamkazi, wachisamba wanga, dzina lake Laurinda, wa zaka makumi awiri ndi zitatu. Amaphunzitsa ana aang'ono kufupi ndi ku Chifunde. Iye amati shikola, ine ndimati sukulu, ndipo vuto lonse lagona pamenepo. Nkhondo itafika kwathu ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinathawira ku Malawi, mbali ya Mchinji, ndipo zilembo ndinaphunzirira kumeneko, m'Chichewa. Pobwerera kuno ndinali nditamera kale ndevu, m'mutu muli khasu lokha. Chipwitikizi chinandipitirira. Moni ndimamudziwa, manambala a pamsika ndimawadziwa, kugwedeza mutu pamalo oyenera ndiye ndine katswiri. Koma kuwerenga, ayi ndithu. Chinsinsi chimenechi ndachisunga zaka makumi atatu ngati munthu wobisa bala m'nsapato, ndipo ndinkakhulupirira kuti ana anga sachidziwa.

M'mwezi wa Ogasiti, tsiku Loweruka, Laurinda anafika pa mota, njinga yamoto ija, nkhope ili ngwee, atavala ngati wopita ku ukwati. Anandipeza ndikusema mpini pansi pa mango. Mkazi wanga Felismina anali pomwepo akutong'ola chimanga, ndipo mnansi wanga Enoki anali atabwera kudzabwereka pampu ya njinga. Mwanayo anagwada n'kunditambasulira kanthu ndi manja awiri. Anati, "Ababa, ndalemba buku. Ili ndi lanu."

Aphungu, ine mabuku ndimawadziwa. Aphunzitsi athu ku Mchinji anali ndi buku loti akaliika patebulo fumbi linkadzuka. Ku ofesi ya boma ndimaona mabuku onenepa ngati njerwa. Nanga aka? Kanthu kopyapyala ngati khadi la kusikelo ya ana, kogwirizitsa pakati ndi timawaya tiwiri. Maso anga masiku ano amangoona zilembo zazikulu, zing'onozing'ono zimasanduka nyerere, ndipo magalasi ndimavala Lamulungu lokha kutchalitchi. Tsono zilembo zazikulu za pachikuto zinali za Chipwitikizi. Pambuyo pake ndi pamene ndamva kuti linali dzina chabe la gulu la aphunzitsi achinyamata amene anasonkherana kuti asindikize timabuku tawo ku Tete. Koma pa nthawiyo mtima unangoti phaa! Ndinati nali tsoka langa lafika, andiuza kuti ndiwerenge pamaso pa anthu.

Munthu akachita mantha pakamwa pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Ndinakanyamula ndi zala ziwiri n'kukagwedeza m'mwamba. Ndinati, "Buku lake n'limeneli? Zaka zonse zija za sukulu zabala kameneka? Ukagwiritse mwana wanga, mphepo ya Ogasiti ingakutengere." Enoki anaseka mpaka kutsokomola. Laurinda naye anaseka pang'ono, kuseka kwa mano okha, n'kunena kuti, "Mukapeza nthawi mukatsegule, ababa." Ndinakasomeka kudenga la pakhonde pamene ndimasomeka chikwakwa, ndipo sindinakatsegule.

Tsopano mumve za mbewu. Kuno anthu amandidziwa nazo. Malemu amayi anga pothawa nkhondo anamanga mbewu pansonga ya chitenje: khobwe, nyemba, mapira, therere ndi nthanga za maungu. Tinazilima ku Malawi, tinabwerera nazo, ndipo mtundu wake sunathe mpaka lero. Chaka chilichonse mvula ikayandikira ndimazitulutsa m'zikho, n'kuzisakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, kenako n'kuzikulunga timaphukusi m'mapepala kugawira abale ndi anansi. Sindigulitsa ayi, chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana. Pepala ndilo limasunga bwino, pulasitiki imachititsa mbewu thukuta n'kuziwoletsa. Zaka zonsezi ndinkang'amba makope akale a ana. Chaka chino ana akula, makope kulibe. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko, maso n'kukagwera kudenga.

Sindikunamizani, ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinadziuza kuti mwanayo ali nawo ena, kuti ndi mapepala basi, kuti m'nyumba muno mulibe wowerenga chilankhulo chimenecho. Ndinachotsa timawaya tija ndi mpeni n'kudula pakati. Anatuluka mapepala khumi ndi anayi, ndipo ndinamanga timaphukusi khumi ndi tinayi. Ndinakulunga bwino zedi, Aphungu, manja angawa pa ntchito imeneyi salakwitsa.

Tsoka silinunkha. Loweruka la mlungu womwe ndinakulungawo Laurinda anabwera kudzationa. Tambiri ndinali nditagawa kale, tinatsala titatu m'lichero pakhonde. Anatola kamodzi, n'kukatembenuza, n'kukamasula pang'ono. Anaona zolemba zake zili m'phulusa. Kenako anakakulunganso ndendende mmene ndinakulungira ine, n'kukabwezera m'lichero. Anati, "Therere mwalikulunga bwino, ababa." Basi. Sanalire, sanakalipe. Bola akanakalipa! Anamwa madzi, analowa m'nyumba kukalankhula ndi amayi ake, ndipo wa mota amene anamubweretsa asanafike n'komwe kumsewu waukulu anamuimbira kuti abwerere adzamutenge.

Atapita, Felismina anatuluka n'kundiponyera kope pamiyendo. Anati, "Wasiya ichi. Akuti ndi buku lachiwiri limene anayamba, koma salimalizanso. Akuti mulisunge, mudzakulungire mbewu za chaka chamawa." Anandiuzanso kuti potseka sukulu kuli tsiku limene achinyamata a gulu lija adzawerenge zolemba zawo pamaso pa makolo ku Chifunde, ndipo mwanayo wanena kuti akauza anzake achotse dzina lake. Pomaliza mkazi wanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kufunsa kuti, "Inu bambo a Laurinda, mtimawo munabadwa nawo kapena munachita kubwereka?"

Ndinadzilimbitsa masiku anayi, ndikumati aziziritsa yekha, ndi mwana. Tsiku lachisanu kunabwera Enoki, yemwe uja anasekayu, atagwira pepala lothimbirira ndi phulusa, ataliwongola bwinobwino. Anati, "Khobwe wanu ndathira m'chitini, koma pepalali landisowetsa mtendere. Lathera pakati pa nkhani. Lotsatira lake munapatsa ndani?" Ine ndinati, "Inu a Enoki, Chipwitikizi munachiphunzira liti?" Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Chipwitikizi chake chiti? Ichi ndi Chinyanja chathu chomwechi. Ndipo munthu ali m'menemuyu ndinu."

Ndinathamangira magalasi. Inali nkhani ya mnyamata wobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, akukankha njinga atamangapo chitseko. Anthu m'njira akumuseka, akuti, "Nyumba ulibe, chitseko n'cha chiyani?" Atafika pabwinja la makolo ake anapeza tchire lokhalokha. Anatsamiritsa chitseko chija pamtengo n'kugona kuseri kwake, kuti m'mawa adzuke ngati munthu wokhala ndi kwawo. Aphungu, chitseko chimenecho ndi chomwe chili panyumba yanga lero lino. Nkhaniyi sindinauzepo mwana aliyense. Anaimva kwa amayi anga asanamwalire, n'kuisunga zaka zonsezi. Masamba enawo nditawapeza ndinaona kuti waiika m'masamba atatu okha, koma powerenga ndinamva fumbi la msewu uja m'mphuno ndi kupweteka kwa mapewa.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikupalasa njinga mudzi ndi mudzi kupempha mapepala amene ndinagawa ndekha. Anthu akundiseka, ndipo akuyenera kutero. Ena akuchita kukaniza. Mlamu wanga wina anati ndidikire kaye ana ake amalize kukopera ndi manja. Pepala limodzi wina anapichiramo fodya, limodzi inadya mbuzi, ndipo limodzi linapita ku Cassacatiza ndi munthu wa malonda, mwina pano lili ku Zambia. Ndapeza khumi ndi limodzi.

Pa lina mwa amenewa pali nkhani ya kamtsikana kamene kankapita ndi bambo ake kumsonkhano wa makolo kusukulu. Aphunzitsi akamalankhula Chipwitikizi, iko kankanamizira kuingitsa ntchentche pakhutu la bambo akewo, pamene kakuwanong'oneza tanthauzo lake, kuti anthu asadziwe kuti sakumva. Mayo ine! Ndinkayesa kuti kamwanako kankangokonda kulongolola. Ankadziwa, Aphungu. Kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ankadziwa, ndipo ankanditchinga.

Tsamba loyamba ndalipeza dzana kwa mayi Debora, mayi wamasiye wosadziwa kuwerenga, muli nthanga za maungu. Palembedwa chonchi: "Kwa ababa anga. Ndalemba m'chilankhulo chathu, ndipo ndalemba mwachidule, kuti muwerenge nokha tsiku limodzi popanda wokuthandizani." Ndinayenda pang'ono kuchoka pakhomo pa mayiwo, n'kugoneka njinga m'mbali mwa msewu, n'kulira ngati mwana dzuwa lili paliwombo.

Foni yanga Laurinda sakuyankha. Akaimba amayi ake amayankha, koma amangofunsa za nkhuku ndi za mvula. Kope lija lili m'thumba la jekete langa la kutchalitchi. Sindinalitsegule, ndikuliopa. Tsiku lowerenga lija latsala milungu itatu. Enoki akuti nditume atsibweni ake a mwanayo akandipepesere. Felismina akuti madzi akatayika saoleka, ndingokhala chete mtima wake uzizire wokha. Ine ndaganiza zogulitsa mbuzi ziwiri kuti ndimusindikizire buku lenileni, lonenepa, la chikuto cholimba, loti anthu akaliona azipereka ulemu.

Ndifunsenso chimodzi mosabisa, popeza umbuli wanga mwauona kale wonse. Kodi kanthu kochepa chonchi, kolembedwa ndi mwana wa dzulodzuloli, anthu ophunzira amakatcha buku ndithu? Kapena kakundiliza ine ndekha chifukwa ndine bambo ake? Kundikwiyira kwake sindikukuopa, ndakuyenera. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti mwina ndathyola dzanja la mwana wanga, ndipo sadzalembanso. Ndithandizeni.

G. A. D., Mualadzi

Bambo G. A. D.,

Mbuzi zija zisiyeni zidye msipu, sizinalakwe kanthu. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa ndikukuonani mwagwira kale chingwe.

Munalakwa, ndipo simukusowa ine kuti ndikuuzeni zimenezo, amayi a kunyumba anakuuzani kale bwino kuposa mmene ndingathere. Safunsa anadya phula, koma inu bambo munadya phula ndi njuchi zomwe. Komabe kalata yanu yandiseketsa, kenako yandipukutitsa m'maso. Munthu wouma mtima sapalasa njinga padzuwa la mwezi uno kukapempha mapepala a phulusa kwa anthu omuseka. Mtimawo ndi wanu ndithu, simunabwereke.

Mwafunsa ngati kameneko ndi buku. Yankho mwalemba nokha, kungoti simunalione. A Enoki analandira tsamba limodzi lokha, lodetsedwa, losayambira pachiyambi, koma anabwera pakhomo panu kudzafunsa lotsatira. A Enoki si bambo ake a Laurinda. Ana a alamu anu akukopera ndi manja, ndipo palibe mphunzitsi amene wawatuma. Tsono ndikufunseni ine: buku lija la aphunzitsi anu a ku Mchinji, mukukumbukiramo chiganizo chimodzi? Mwandiuza za fumbi lokha.

Sindikunyoza mabuku onenepa, alipo abwino kwambiri ndipo ena ndimawakonda. Koma buku lonenepa limafuna mpando, kuwala kwabwino ndi milungu yopanda ntchito. Ndani ku Mualadzi ali ndi zimenezo nthawi yopalira? Kabuku kakafupi kamalowa m'thumba la malaya. Kamawerengeka pamzere wa kuchipatala, podikira galimoto, kapena pamthunzi khasu likupuma. Munthu mmodzi angawerengere anzake khumi kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto asanabalalike. Ndipo munthu amene chibadwire sanamalizepo buku, akamaliza kameneka amadabwa yekha, amati kodi nanenso ndimatha? Mawa amafuna kena. Owerenga ambiri amene ndimawadziwa anayamba chomwecho, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo.

Musaganizenso kuti kulemba mwachidule ndi ulesi. Mwakhalapo pamaliro ndi pamilandu, mukudziwa kuti wolankhula nthawi yaitali si amene wanena zambiri. Kuti ulendo wonse wa chitseko ukwane m'masamba atatu mpaka mwini wake amve mapewa kuwawa, mwana wanu anapeta, anataya mawu ambiri amene ankawakonda. Imeneyo ndi ntchito yovuta, akuluakulu ena olemba amafa asanaidziwe. Za kambewu kakang'ono kobala zazikulu sindikuuzani, mumazidziwa kuposa ine.

Nanga zoti ndi mwana wa dzulodzuloli? Bambo, mukadikira kuti achite imvi, nkhani zimenezi adzazifunsa kwa ndani? Amene anathawa nkhondo n'kubwerera akutha mmodzimmodzi. Olemba otchuka ali m'mizinda, ndipo palibe amene adzakwere mota kubwera ku Mualadzi kudzafunsa za chitseko chanu. Achinyamata ngati Laurinda ali ndi khutu limodzi kumudzi, lina kusukulu, ndipo ndi okhawo angatenge za kuno n'kuziika papepala m'mawu a kuno. Timabuku tawo toyamba timakhala ndi zolakwika, inde. Pena chiganizo chimatsimphina, pena nkhani imathamangira kumapeto isanapse. Kabuku kakafupi kamamupatsa wolemba watsopano mpata womaliza, woona pamene wapunthwa, n'kuyambanso kena mwaluso. Amene amayamba ndi njerwa nthawi zambiri amaisiya pakati.

Tsopano zochita. Atsibweni asiyeni, adzagwira ntchito yawo tsiku la chinkhoswe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi Felismina akunena zoona kuti madzi saoleka, koma pa zokhala chete sindikugwirizana nawo. Mwanayo akuwerenga kukhala chete kwanu, ndipo akumva kuti mpaka lero mukuona kuti munang'amba mapepala chabe. Sakudziwa kuti mwawerenga, sakudziwa za njinga, sakudziwa za misozi ya pamsewu. Adziwa bwanji inu muli phee ku Mualadzi?

Tengani singano ndi ulusi, musoke mapepala khumi ndi limodzi aja m'ndondomeko yake. Phulusa lisiyeni, makwinya asiyeni, ndipo pamene pakusowa masamba atatu paja muikepo mapepala oyera osalembedwa. Musapemphe buku lina latsopano kwa anzake, limene anakupatsani ndi manja awiri ndi lomweli. Muwerenge kawiri. Mukatero mupite nokha mlungu uno, tsiku la ntchito ana ataweruka, kuti musamuchititse manyazi pamaso pa ophunzira ake. A Enoki atsale, anaseka mokwanira.

Mukafika, muyambe ndi chimene chikukuvutani kwambiri kunena. Mumuuze kuti, "Mwana wanga, ndinaona Chipwitikizi pachikuto, ndinachita mantha chifukwa sindidziwa kuchiwerenga, ndiye ndinabisala kuseri kwa chipongwe." Akudziwa kale, koma sanamvepo kuchokera pakamwa panu. Katundu ameneyu wakusenzerani kuyambira ali kamwana, mutuleni. Kenako mupepese, ndipo mawu oti "koma" muwasiye kunyumba. Zoti "koma nawenso ukanandiuza kuti ndi Chinyanja" musayerekeze, anakuuzani kuti mutsegule.

Mukatero mutulutse buku losoka lija, mumuwerengere mokweza nkhani ya chitseko. Mukapunthwa pa mawu pitirirani, si mayeso. Pomaliza musangoti walemba bwino, mawu amenewo amanena ndi amene sanawerenge omwe. Mumuuze mzere umene unakukhudzani kwambiri. Ngati pena walakwitsa, mwina mtengo sunali umenewo kapena masiku a ulendowo anali anayi, mumuuze, mukanganepo pang'ono. Wolemba amasangalala ndi munthu wokangana naye za nkhani yake kuposa woomba m'manja. Ndipo mumuonetse mapepala oyera atatu aja, mumupemphe kuti tsiku lina akadzafuna adzakulembereni zimene zinali pamenepo, chifukwa mukufunadi kudziwa mmene nkhanizo zinathera.

Za a Enoki ndi za ana okopera aja mumuuze, ayenera kudziwa kuti ali ndi owerenga amene sakuwadziwa. Koma samalani kanenedwe. Mukangoti "waona, ndinakuthandiza kulifalitsa," mubwerera nokha pa njinga osamwa ndi madzi omwe.

Kope lachiwiri mwachita bwino osalitsegula, musalitsegule ndithu. Limenelo sanakupatseni kuti muwerenge. Mubwezereni pamodzi ndi cholembera chatsopano, mumuuze kuti pokulungira mbewu za chaka chamawa mwapeza kale. Ndipo mupezedi. Tsamba lino la nyuzipepala ndakupatsani ndi mtima wonse, mukulungiremo khobwe, sindikwiya.

Za tsiku lowerenga musamukakamize. Mungomuuza kuti inu mudzapita, kaya iye awerenga kaya ayi, ndipo mupitedi. Mukakhale kutsogolo mumvetsere ana a anzanu. Pakati pawo alipo ena amene makolo awo anasomekanso timabuku kudenga. Mukapempheko timabuku tawo mubwere nato ku Mualadzi, anthu a kumeneko aonetsa kale kuti ali ndi njala.

Buku lonenepa la mbuzi ziwiri lija liiwaleni. Ndi chipongwe chomwe chija chitavala jekete, likumuuzanso kuti kakang'ono kaja sikanakwane. Ngati m'tsogolo iye mwini adzafune kusindikiza kabuku komweka kambiri kuti kafike m'midzi, pamenepo mudzalankhule ndi mbuzi.

Kodi adzalembanso? Sindingalumbire, mtima wa mwana wa munthu suli m'manja mwanga. Mwina ulendo woyamba adzangokuthirani tiyi n'kukufunsani za mvula, ndipo mudzafunika kupitanso kachiwiri ndi kachitatu. Koma munthu wofunadi kusiya amaponya kope pamoto, satuma amayi ake kuti akaliike pamiyendo ya bambo. Mmene ndikuonera ine, dzanjalo silinathyoke, labinya.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo mulimve bwino. Akadzatolanso cholembera, nkhani imodzi mwa zoyamba idzakhala yomweyi. Mudzakhalamo inuyo ndi mantha anu, ndi pakamwa panu, ndi mpeni wanu, ndipo Mualadzi yense adzadziwa kuti ndinu ngakhale atakusinthani dzina. Mudzafuna kunena kuti zam'nyumba saulula. Mawu amenewo mudzawameze, chifukwa mwana wololedwa kulemba zokoma zokha za bambo ake ndiye kuti wamangidwa manja kachiwiri. Tsikulo likadzafika, mudzaitane anansi pakhonde, mudzawerenge nokha mokweza mpaka kumapeto, ndipo mukadzafika pa uchitsiru wanu musadzadumphe mzere ngakhale umodzi.

Yendani bwino pa ulendowo,
Phungu wanu